Smoker yanga yoyamba: ndigule ya saizi yanji, 18 kapena 22?

BamboAkeTadala analemba:

Moni nonse, mwaswera bwanji kumene muliko. Ndili ndi funso nde ndikupempha makamaka inu amene munagwirapo chinthuchi ndi manja anu, osati zongoonera pa YouTube ayi, zimenezo ndaonera mpaka maso kuwawa koma aliyense akunena zake.

Ine ndimakhala cha ku Dallas kuno ku Texas, chaka chino tasamukira m'nyumba yoti kuseri kuli kabwalo ka kapinga ndi kakhonde ka simenti. Kuotcha nyama pa makala ndimatha bwinobwino, kanyenya tinakula naye tonse, koma chomwe chanditenga mtima ndi nyama ya kuno ija amaiphika ndi utsi pa moto wochepa usiku onse mpaka mmawa ukaigwira ikungoyoyoka yokha. Mnzanga wakuntchito anandilawitsa brisket, nyama ya pachifuwa cha ng'ombe, yomwe anapanga yekha kunyumba kwake ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikungoganiza zomwezo. Nde ndatsimikiza zogula smoker, chophikira nyama ndi utsi chija.

Vuto ndi saizi. Maso anga ali pa Weber Smokey Mountain, smoker ya makala yoimirira ngati mgolo, poti ambiri akuti kwa munthu woyamba kumene ndi yosavuta, koma ilipo ya mainchi 14 mulifupi mwake, ya 18 komanso ya 22. Kusitolo ndinaonanso zogona zija zokhala ndi kabokosi ka moto pambali, amati offset, zikuoneka zazikulu bwino ndipo zina mtengo wake ndi wotsika kuposa Weber ya 22 ija. Pakhomo tilipo 5, ine, mayi akunyumba ndi ana atatu. Koma mukudziwa mmene timakhalira ife, Loweruka sipalephera kubwera banja limodzi kapena awiri, ndipo mayi akunyumba analonjeza kale kuti pa 6 July chaka chamawa anthu adzasonkhana kwathu, mwina 30 kaya kuposa. Zomwe ndikufuna kumapanga ndi brisket, nthiti, nkhuku, komanso mwendo wa mbuzi ndikaupeza.

Mtima wina ukuti gula yaikulu kamodzin'kamodzi usadzadandaule, wina ukuti udzangomaliza makala pa nkhuku ziwiri. Ndithandizeni abale.

MkuluWaKuHouston analemba:

Achimwene takulandirani, ndipo mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Ine yankho langa ndi 22, ndipo chifukwa chake ndi mawu amodzi omwe mwalemba nokha: brisket.

Musapusitsike ndi manambala a square inches omwe amalemba pa bokosi. Amati ya 18 ili ndi malo 481 square inches, ya 22 ili ndi 726, koma nambala imeneyo amawonkhetsa mawaya awiri ogonekapo nyama, lapamwamba ndi lapansi, pomwe nyama yanu simungaigoneke theka pamwamba theka pansi. Chomwe chimagwira ntchito ndi mulifupi mwa waya limodzi basi. Brisket yathunthu, ija amati packer, imalemera mapaundi 12 mpaka 16, ndiye kuti makilo 5 mpaka 7, ndipo kutalika kwake nthawi zambiri kumafika pa mainchi 18 kapena 20. Waya la smoker ya 18 silifika ngakhale pa 18 penipeni, limaperewera pang'ono kuti lilowe mkati. Nde tangoganizani, mwagula nyama ya ndalama zambiri, mwaidula mafuta bwinobwino, mwaithira mchere ndi tsabola, nthawi ili 10 koloko usiku, mukuti muiike ndipo mapeto onse awiri akugunda chitsulo. Anthu amaipinda, ena amaika njerwa yokutidwa ndi foyilo kapena kachitsulo pansi pake kuti pakati patukuke, ndipo zoona pakatha maola angapo imafota n'kukwana. Zimatheka ndithu sindikukana. Koma smoker ya mtundu umenewu pakati pake pali beseni la madzi, kutentha kumakwera kudzera m'mphepete mozungulira beseni lija, nde m'mphepete mwa waya ndi motentha kwambiri kuposa pakati. Mbali yopyapyala ya brisket ikakhala kumeneko maola 12 imauma gwa, mumayamba mwadula n'kutaya musanapatse anthu.

Nthiti chimodzimodzi. Pa 18 nthiti zazitali zija muyenera kuzidula pakati kapena kuzikulunga ngati nkhata n'kubaya ndi kamtengo. Pa 22 mumangogoneka.

Chinanso chomwe sanena kusitolo, waya lapansi lija ndi lovuta kulifikira. Kuti muone nyama yapansi muyenera kutsegula chivundikiro, kunyamula waya lapamwamba ndi nyama yake yomwe ikutentha, kusaka poika, nthawi yonseyo mpweya ukulowa ndipo makala akuyaka mopitirira. Ine masiku ambiri lapansilo sindiligwiritsa ntchito nkomwe. Nde powerenga malo, werengani lapamwamba lokha ngati ndi lomwe muli nalo.

Ya 14 ichotseni m'maganizo. Ndi yabwino kwa munthu wa yekha kapena awiri, kankhuku kamodzi, phewa limodzi la nkhumba, kunyamula kupita nayo kunyanja. Banja la anthu 5 lokhala ndi alendo Loweruka lililonse ayi.

Za offset zotchipa zija ndikupemphani musayambire pamenepo. Ndikudziwa zimakopa, poti kuno ku Texas ndi zomwe timaona kumalo otchuka, monga ku Franklin Barbecue ku Austin amagwiritsa ntchito zikuluzikulu zopangidwa kuchokera ku matanki a gasi a magaloni 1,000 ndipo amasonkhezera nkhuni za post oak. Koma zimenezo chitsulo chake ndi chokhuthala, chikatentha chimasunga moto. Zotchipa za m'sitolo ndi kachitsulo kopyapyala, utsi umatulukira m'mipata ya chitseko, mbali yoyandikana ndi bokosi la moto imawotcha pomwe mbali ya kuchumuni ikuzizira, nde malo aakulu mukuwaona aja theka lake lokha ndi lomwe mungaikepo nyama ndi mtima m'malo. Ndipo moto wake umafuna kuponyera chikuni pa mphindi 30 mpaka 45 zilizonse usiku onse. Offset yabwino imakhala ndi chitsulo cha kota inchi, pafupifupi 6 mm, imeneyo mtengo wake ndi wina ndipo kulemera kwake simungaisunthe nokha. Mudzagula mukadzazolowera ngati mtima udzafunebe.

NaPhiri_Joni analemba:

Akulu a ku Houston anena zoona pa nkhani ya brisket koma ine ndisiyana nawo pang'ono, mundikhululukire bambo. Funso lomwe ndikufuna a Bambo ake Tadala adzifunse moona mtima ndi lakuti pa chaka brisket yathunthu adzaphika kangati? Nyama imeneyo ndi yodula, imafuna usiku onse, pafupifupi ola limodzi mpaka ola ndi theka pa paundi iliyonse, kenako iyenera kupuma maola ena musanaidule. Munthu wantchito wokhala ndi ana atatu sapanga zimenezo wikendi iliyonse. Zomwe mudzapange kawirikawiri ndi nkhuku ziwiri, nthiti, soseji, mwendo wa mbuzi uja, ndipo zonsezo pa 18 zimakwana popanda vuto, mwendo wa mbuzi umatsalako ndi malo.

Ine kuno ku Johannesburg ndili ndi ya 47 cm, ndi 18 yomweyo kungoti kuno timayeza ma cm, ya 22 kuno ndi 57 cm. Mlamu wanga ali ndi ya 57 nde ndimaona kusiyana kwake ndi maso anga. Yake imadya makala osati masewera, chifukwa kaya mwaikamo nkhuku imodzi kaya nyama yodzaza, chimgolo chonse chija chiyenera kutentha basi, zili ngati kuphika nsima ya anthu awiri mu mpoto wa pamaliro. Komanso ikakhala yopanda nyama yambiri imakonda kuthawira m'mwamba kutentha, mukufuna ikhale pa 110 mpaka 120°C iyo ikufuna 140, nde munthu woyamba kumene amakhalira kutseka ndi kutsegula timabowo ta mpweya tija osadziwa chomwe chikuchitika. Yanga ndikadzaza makala osayatsa mu ring muja, kampanda kachitsulo kozungulira kosunga makala pansi, n'kukwirira timatabwa tingapo ta nkhuni za utsi, kenako kuthira makala oyaka ochepa pamwamba kuti moto uziyenda pang'onopang'ono, njira ija amati Minion, imakhala phee maola oposa 10 osaigwira, ndimagona tulo.

Za anthu 30 a pa 6 July musaope nazo, tiyeni tiwerenge. Phewa la nkhumba limodzi la makilo 4 likapsa n'kuchotsa fupa ndi mafuta mumatsala ndi nyama yoposa makilo 2 pang'ono. Pa chakudya choti pali nsima, mpunga, chipisi, kabichi, nyemba, munthu mmodzi magalamu 150 a nyama amukwana, ana sadya n'kufika pomwepo. Ndiye kuti phewa limodzi ndi anthu 13 kapena 14. Pa 18 amakwana awiri pamwamba awiri pansi. Mwaona? Anthu 30 mwadyetsa ndipo ena atenga ya kunyumba. Ndipo simufunika kuphika zonse nthawi imodzi, nyama yaikulu ikapsa mumaikulunga mu foyilo, kenako mu thawulo lakale, n'kuika mu cooler box yopanda ayezi, imakhala yotentha maola 4 bwinobwino bola isatsike pansi pa 60°C, nthawi imeneyo smoker ili ndi malo, mwakweza moto mwaika nkhuku. Kugula chinthu chachikulu chifukwa cha tsiku limodzi pa chaka pomwe masabata ena onse chizikudyerani makala, ine sindikuona nzeru yake.

Kodi muli ndi kettle kale, grill ya makala ya Weber yozungulira yokhala ndi chivundikiro ija ya 57 cm? Ngati muli nayo yambani ndi imeneyo musanagule kalikonse. Mumayala makala mozungulira m'mphepete awiriawiri ngati njoka, kuyatsa mutu wake wokha, kuika mbale ya madzi pakati, nyama pamwamba pa mbale. Kuno nyumba zambiri zili nayo chifukwa cha braai ndipo anthu ambiri sadziwa kuti ali kale ndi smoker pakhomo.

Za ma smoker a pellet, oyaka ndi timibulu ta utuchi, ngati Traeger simunafunse koma wina akuuzani. Ndi zosavuta zedi, mumangodina batani, koma zimadalira magetsi, kuno magetsi akathima pakati pa usiku ndiye kuti moto wazima nyama ili mkati. Kwanuko mwina si nkhani.

Mmisiri_Area25 analemba:

Mabwana ndi madona a kunja mwatipatsa njala ife a ku Lilongwe kuno eee. Ndilowererepo pang'ono poti ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ndipo ma smoker a mgolo ndimapanga, makamaka anthu a malo odyera ndi ena obwera kuchokera ku Joni ndi amene amafunsa.

Mgolo wa malita 200 uja, kwanuko mumati 55 gallon, mulifupi mwake ndi pafupifupi chimodzimodzi ndi waya la 57 cm, moti waya la kettle limalowa bwino ndipo ena chivundikiro cha kettle chomwe amachiika pamwamba. Nde ngati nkhani ndi yoti brisket igone momasuka, mgolo umakupatsani malo a 22 aja pa mtengo wochepa kwambiri. Kapangidwe kake sikovuta, mabowo atatu pansi olowera mpweya oti muzitha kutseka, dengu la makala la waya wolimba lokhala ndi timiyendo kuti phulusa lizigwera pansi, mabawuti omwe waya la nyama limakhalapo cha pa 60 cm kuchokera pa makala, ndi mabowo otulukira utsi pa chivundikiro. Mulibe beseni la madzi, mafuta a nyama amadonthera pa makala n'kubwerera ngati utsi, kakomedwe kake kamayandikira ku kanyenya wathu ndipo makala siidya kwambiri chifukwa mpweya umalowa wochepa. Mukaika ndodo zachitsulo pamwamba n'kumapachika nyama ndi mbedza, nthiti ndi nkhuku zimalowa zambiri kuposa kugoneka.

Koma chonde chonde, mgolo wake muudziwe unali ndi chani. Wa mankhwala a kumunda, wa oyilo wa galimoto, wa zinthu zosadziwika, ayi ndithu ngakhale akupatseni ulere. Pezani womwe munali zakudya monga mafuta ophikira, ndipo ngakhale umenewo muuwotche kaye ndi moto waukulu wa nkhuni mpaka penti yense ndi utoto wamkati uja zipse, kenako kupala ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke. Chitsulo cha galvanised, chotuwa chonyezimira chija, chisayandikire moto, utsi wa zinc umadwalitsa, ife owotcherera timaudziwa bwino.

Ndipo kuwamba si zachilendo kwa ife, pitani ku Mangochi kapena ku Nkhotakota muone amayi mmene amawambira milamba ndi chambo, moto wapansipansi, utsi wosalala, osathamanga. Kusiyana kwake ndi koti iwo amafuna nsomba iume isungike pomwe inu mukufuna nyama ifewe ikhale ndi msuzi wake. Nkhuni kuno ndimauza anthu kuti atenge za mango kapena gwafa zouma bwino, nthambi zomwe adulira kale. Paini ayi ali ndi utomoni, nyama imawawa, matabwa opaka penti kapena othira mankhwala a chiswe musayerekeze.

BamboAkeTadala analemba:

Zikomo kwambiri nonse, apa nde ndaphunzira zenizeni. Asisi a ku Joni kettle ndilibe, ndili ndi ka grill ka gasi komwe tinasamuka nako. Amisiri a ku Area 25 mgolo wandisangalatsa koma zida ndilibe komanso eni dera lathu lino amavuta pa zinthu zooneka kuseri kwa nyumba, ndiyamba ndafunsa.

Masamu a phewa la nkhumba aja ndawamva koma pali kanthu kamodzi, pagulu lathu pali mabanja achisilamu komanso a Seventh Day, nkhumba sadya, ndipo ine sindingafune kuti munthu abwere kwathu n'kumakayika mbale. Nde pa 6 July nkhumba sipadzakhala nkomwe, idzakhala ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Kodi zikatero 18 ikwanabe?

MkuluWaKuHouston analemba:

Apo nde mwaiyankha nokha nkhani achimwene. Masamu a asisi aja ndi olondola koma amayenda chifukwa phewa la nkhumba ndi lobulungira, limatenga malo ochepa pomwe nyama yake ndi yambiri. Ng'ombe ndi nkhuku ndi zotambalala. Brisket imodzi ya makilo 6 ikapsa mumatsala ndi pafupifupi theka, makilo 3, ndiye anthu ngati 20 pa muyeso omwe uja, ndipo yokhayo yatenga waya lonse lapamwamba ngakhale pa 22. Nkhuku mukaziswa pamsana n'kuzitambasula kuti zipse mofanana, pa 18 mumaika imodzi momasuka, ziwiri mothinana, pa 22 ziwiri momasuka mpaka zitatu zikakhala zazing'ono. Ndipo nyama mu smoker isamagundane, pamafunika mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuti utsi uzidutsa, pomwe zagundana pamatuluka potuwa popanda khungu lakuda lokoma lija.

Mwaganiza bwinonso pa nkhani ya abale athu osadya nkhumba. Dziwani kuti mu smoker yoimirira chilichonse cha pamwamba chimadonthera cha pansi, komanso mafuta amakanirira m'makoma ndi pa mawaya, nde ngati masiku ena muzipangamo nkhumba muwauze anthuwo chilungamo asankhe okha, ena savutika bola mawaya ndi ena, ena safuna nkomwe. Pa chifukwa chodontha chomwecho nkhuku yaiwisi isakhale pamwamba pa nyama yomwe yatsala pang'ono kupsa, nkhuku iziikidwa pansi.

Zoti 22 imadya makala sindikutsutsa, imadyadi. Koma tsiku la nkhuku ziwiri simukakamizidwa kudzaza ring yonse, mumaunjika makala ochepa, beseni osathira madzi kungolikuta ndi foyilo, kutsegula mpweya onse kuti ifike cha pa 325°F (pafupifupi 160°C), khungu la nkhuku limafuna moto wotero, pa ola ndi theka mwadya. Yaikulu imatha kuchita ntchito yaing'ono, yaing'ono ikachepa yachepa basi.

NaPhiri_Joni analemba:

Chabwino bambo, ngati nkhumba palibe ndipo ali ku Texas komwe brisket imapezeka mu sitolo iliyonse, ndavomera 22. Kuno kwathu brisket nthawi zambiri amagulitsa yodula kale tizidutswa kapena yokulunga, yathunthu mpaka uchite kuitanitsa ku butchala, nchifukwa chake 47 imandikwanira ine.

Koma a Bambo ake Tadala musayambe ndi brisket tsiku loyamba chonde. Yambani ndi nkhuku ndi ntchafu zake, zotchipa, muphunzire mmene timabowo ta mpweya timayankhira, mukatseka pang'ono dikirani mphindi 15 musanagwirenso, bowo la pamwamba lizikhala lotsegula nthawi zonse. Kenako chuck roast, nyama ya paphewa la ng'ombe, imapsa mofanana ndi brisket koma ndi yaing'ono. Mu bajeti yanu siyanimo ndalama ya thermometer ya mawaya awiri, wina wobaya mu nyama wina wokhala pogonekapo paja pafupi ndi nyama, chifukwa ya pa chivundikiro ija imayeza mpweya wa m'mwamba osati pomwe pali nyama. Ya mawaya awiriyo ndi imene idzakulimbitseni mtima nyama ikadzaima pa 65 mpaka 75°C maola angapo osakwera, aliyense woyamba amaganiza kuti moto wazima n'kuwonjezera makala pomwe ndi madzi chabe akutuluka mu nyama n'kumaiziziritsa, mumangodikira kapena kuikulunga mu pepala lokulungira nyama lija amati butcher paper, brisket imapsa ikafika cha pa 93 mpaka 96°C ndipo chobayira chikulowa mosavuta, nkhuku 74°C. Mwendo wa mbuzi ulibe mafuta ambiri nde ukatenga utsi maola atatu uikeni mu thireyi ndi anyezi, adyo ndi timadzi pang'ono n'kuphimba mpaka ufewe.

Ndipo yezani kaye kakhonde kanu musanaitanitse, ya 22 ndi yaitali kufika m'chifuwa ndipo iyenera kukhala patali ndi khoma, mpanda wamatabwa ndi pomwe ana amathamanga. Mvula ikagwa musailowetse mu galaja ngakhale chitseko chili chotsegula, mpweya wa makala umapha osanunkha.